Kalata yotseguka kwa akuluakulu a GNOME, KDE, X.Org, Red Hat ndi Canonical pa za tsogolo la X11

Akuluakulu,

Ndiyambe ndi kukupatsani ulemu wanu, chifukwa ambiri mwa ife timadya thukuta lanu osalipira ngakhale tambala. Nkhani yandilembetsa kalata ndi ya X11, pulogalamu imene yakhala ikujambula mawindo pa sikirini za makompyuta a Unix ndi Linux kuyambira mu 1987. Inu mwagamula kale kuti nthawi yake yatha, malo ake atenge Wayland, njira yatsopano yojambulira mawindo pa sikirini. Chigamulocho ndilibe nacho mlandu. Chikundivuta n'chakuti mukulankhula ngati aliyense wasamuka kale, chonsecho alipo anthu amene akadali pa X11 chifukwa alibe kolowera, ndipo ndi omwe aja mawu awo safika pa misonkhano yanu.

Popeza kalatayi iwerengedwanso ndi ena amene sadziwa chimene chili kuseri kwa sikirini yawo, mundilole ndibwereze zimene inu mukuzidziwa kuposa ine. X inabadwira ku MIT mu 1984, m'manja mwa Bob Scheifler ndi Jim Gettys, pa nthawi imene sukuluyo inkafuna kuti ophunzira azigwiritsa ntchito makompyuta a makampani osiyanasiyana olumikizidwa pa netiweki imodzi. Nzeru yake inali yakuti pulogalamu izigwira ntchito pa kompyuta yaikulu ili m'chipinda china, koma windo lake lizioneka pa sikirini ili patsogolo pako. Seva ya X imakhala pakati. Imalandira zimene walemba pa kiyibodi ndi kumene waloza ndi mausi, n'kuzipereka kwa mapulogalamu, kenaka n'kujambula zimene mapulogalamuwo apempha. Mtundu wa 11 wa malamulo olankhuliranawa unatuluka mu 1987, ndipo nambalayo sinasinthe mpaka lero. Mu 2004, a XFree86, amene ankapanga seva ya X imene ambiri ankagwiritsa ntchito, atasintha laisensi yawo, pafupifupi aliyense anawathawa n'kupita ku X.Org, ndipo seva ya Xorg imene tikukambayi ndi mwana wa kugawikana kumeneko.

Wonena kuti X ilibe vuto ndi wabodza, kapena sanaione m'kati. Inamangidwa m'masiku amene onse a pa netiweki ankadziwana ndi kukhulupirirana, choncho pulogalamu iliyonse imene yalumikizika ku seva imatha kumvetsera zimene ukulemba m'windo la pulogalamu ina, pasiwedi ya ku banki yomwe, imatha kujambula sikirini yonse, imathanso kunamizira kuti ndiwe wadina batani. Masiku ano munthu amatsitsa mapulogalamu kwa anthu amene sanawaonepo nkhope, ndiye khalidwe limeneli ndi ngozi yeniyeni. Kumapeto kwa 2013 Ilja van Sprundel anaimirira pa msonkhano wa Chaos Communication Congress ku Germany n'kuonetsa mulu wa zolakwika zimene anazipeza mu khodi ya X, ndipo kumayambiriro kwa 2014 kunakonzedwa chiboo china mu libXfont, mbali ya X yosamala zilembo, chimene chinakhalamo kuyambira 1991 popanda wochiona. Mpaka lero ziboo zoterezi zikupezekabe chaka ndi chaka. Onjezerani zithunzi zong'ambika pa vidiyo, kuvuta kwa masikirini awiri osiyana kukula kwa timadontho, kusowa kwa HDR, njira yoonetsera kuwala ndi mitundu mozama. Kristian Høgsberg, amene anayamba Wayland mu 2008, anali mmodzi wa okonza X, ndipo ambiri amene anamutsatira anali anthu amene anatopa ndi kusoka zigamba pa X yomweyo. Amenewo ndi oyenera kuwamvera.

Ndiye mwayenda ulendo wanu. Wayland 1.0 inatuluka mu 2012. Fedora 25, umodzi mwa mitundu ya Linux, inaika desikitopu ya GNOME pa Wayland mu 2016. Ubuntu, Linux ya Canonical, inayesa mu mtundu wa 17.10, inabwerera ku Xorg mu 18.04 itaona kuti zinthu sizinapse, n'kudzayesanso mu 21.04. Kumapeto kwa 2023 a Red Hat munalengeza kuti RHEL 10, Linux yanu yogulitsa kwa makampani, sidzakhala ndi seva ya Xorg, ndipo itatuluka mu 2025 zinaterodi. Plasma 6, desikitopu ya KDE, inayamba ndi Wayland mu 2024. GNOME 49 inazimitsa gawo la X11, kutanthauza njira yolowera mu desikitopu kudzera pa X11, Ubuntu 25.10 inasiya kupereka GNOME ya pa Xorg, ndipo a GNOME munanena kuti mu 50 khodi yakeyo ichotsedweratu. A KDE munalengeza kuti Plasma 6.8 idzakhala ya Wayland yokha, gawo la X11 mudzalisamala mpaka kumayambiriro kwa 2027. Pamenepa ndikuyamikeni, a KDE ndi a Red Hat, chifukwa munatchula nthawi zinthu zisanachitike, munthu n'kudziwa pokonzekera.

Koma nthawi zonse wina akadandaula, yankho lanu limakhala limodzi: musade nkhawa, mapulogalamu akale azigwirabe ntchito kudzera mu Xwayland. Mawuwa ndi oona theka. Xwayland ndi seva ya X imene imakhala ngati mlendo m'kati mwa Wayland, ndipo pulogalamu yakale yongofuna windo lake lokha, yolembera kalata kapena yowerengera ndalama, imagwiradi ntchito bwinobwino. Zimene Xwayland siingathe kunyamula ndi mapulogalamu amene ntchito yawo ndi kuona kapena kulamula mawindo a anzawo. Zida monga xdotool ndi wmctrl, zimene anthu analembera timalamulo tawo toti kompyuta izidina yokha, siziona mawindo a Wayland. x11vnc, imene wokonza makompyuta ankalowera nayo pa sikirini ya munthu ali kutali, sigwira. Ma window manager onse a X, mapulogalamu oyang'anira mawindo, kaya Openbox, IceWM, Fluxbox, i3 kapena dwm, sangayendetse gawo la Wayland. Inde Sway inabwera m'malo mwa i3, labwc inatsanzira Openbox, waypipe ikuyesa kuchita zimene ssh -X inkachita poonetsa windo la pulogalamu ya pa kompyuta yakutali. Koma chilichonse mwa izi ndi ntchito yatsopano imene wina ayenera kuiphunzira, kuilembanso, kuiyesa, ndipo wina ameneyo nthawi zambiri si inu.

Apa ndiime pang'ono pa anthu amene nkhaniyi ikuwapweteka kwambiri. Munthu wosaona amagwiritsa ntchito kompyuta kudzera mu pulogalamu yomuwerengera zimene zili pa sikirini, ndipo pa Linux pulogalamu imeneyo ndi Orca. Kuti Orca igwire ntchito, iyenera kumva mabatani amene munthuyo akudina ngakhale ali m'windo la pulogalamu ina, iyenera kudziwa windo limene lili pamwamba ndi pamene mausi ili. Mwaona kale vuto lake: zimene Orca imafuna ndi zomwe zija Wayland inamangidwa kuti iziletse. Chimodzimodzi munthu amene manja ake sagwira, amene amalamula kompyuta ndi mawu kapena ndi maso. Pulogalamu yake iyenera kudina m'malo mwake paliponse pa sikirini. Pa X11 zimenezi zinkatheka chifukwa khomo linali pululu kwa aliyense, wakuba ndi wothandiza yemwe. Munatseka khomolo, ndipo munachita bwino. Koma panadutsa zaka zambiri musanapange kiyi woti mupatse wothandizayo.

Ndikudziwa kuti simunakhale chete. Mu 2023 Sovereign Tech Fund ya ku Germany inapatsa GNOME Foundation ndalama zokwana mayuro 1 miliyoni, ndipo gawo lina linapita ku ntchito yothandiza olumala, kuphatikizapo kuyesa njira yatsopano yotchedwa Newton imene Matt Campbell ankaimanga. GNOME 48 inakonza momwe Orca imamvera kiyibodi pa Wayland. Zonsezi n'zabwino. Koma taonani zaka zake. Fedora inaika anthu pa Wayland mu 2016, ndipo kukonza kwa kiyibodi ya Orca kunafika mu 2025. Pa zaka zonse zapakatizi, chimene chinkapulumutsa munthu wosaona chinali chakuti pa sikirini yolowera panali posankha gawo la Xorg. Posankha pamenepo ndi pamene mukuchotsa tsopano. Musanagumule nyumba yakale, kazungulireni yatsopanoyo muone ngati zipinda zonse zafoleredwa, makamaka cha uja sangathe kuthawa mvula payekha. Ndipo woti anene kuti denga latha akhale iye mwini wogonamo, osati womanga.

Gulu lachiwiri ndi la makompyuta akale. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamala Windows 10, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri amene alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena amene purosesa yake ndi yakale. Anthu a Linux, a KDE ali m'gulu lomwelo, munachita kampeni youza anthu kuti asataye makompyuta awo, angoikamo Linux. Uthenga wabwino, ndipo kuno kwathu kumene kompyuta yambiri imafika itagwira kale ntchito zaka kwina, uthengawu ndi wa ife. Komano kompyuta yakale imabwera ndi graphics card yakale. Makadi a NVIDIA amene anatsalira pa driver ya 340 kapena 390 sadzalandira konse zimene Wayland ya masiku ano imafuna, chifukwa NVIDIA inayamba kugwirizana ndi GBM, njira imene madesikitopu ambiri a Wayland amalankhulira ndi khadi, mu driver ya 495 mu 2021, ndipo vuto la zithunzi zophethiraphethira linadzatha ndi explicit sync mu 555, mu 2024. Mwini khadi yakaleyo watsala ndi driver yaulere ya Nouveau, imene pa makadi ena imayenda mokwawa, kapena Xorg. Mlandu wa zimenezi ndi wa NVIDIA kuposa wanu, ndikuvomera. Koma wolipira si NVIDIA ndipo si inu.

Mudzati munthu woteroyo asagwiritse ntchito GNOME kapena Plasma, atenge Xfce, LXQt, MATE kapena Cinnamon. Ndi zimene ambiri amachitadi, chifukwa zimenezi n'zopepuka. Koma madesikitopu amenewa akutsamira pa Xorg yomweyo. Xfce 4.20, imene inatuluka kumapeto kwa 2024, inangoyamba kulawa Wayland, ndipo eni ake ananena okha kuti n'zoyesera. Cinnamon ya Linux Mint nayo inayamba ndi gawo loyesera. Awa ndi magulu a anthu ochepa, ambiri ogwira ntchito madzulo ataweruka kwina. Pa X, gulu laling'ono linkangolemba window manager, ntchito yolemera yonse n'kuisiyira seva. Pa Wayland, compositor, pulogalamu yophatikiza mawindo onse pa sikirini, ndiye seva, ndiye woyang'anira mawindo, ndiye wolankhula ndi kiyibodi ndi masikirini. wlroots, laibulale yothandiza kumanga compositor, yapeputsako katunduyu, koma sanathe. Ndiponso tisaiwale a OpenBSD, NetBSD ndi ena amene si Linux, amene X yakhala ikuwatumikira mofanana ndi wina aliyense.

Pali chinanso chimene sindikuona kuti mumachivomera mokwanira. X11 inali imodzi. Wolemba pulogalamu akayesa pa Xorg, wayesa pa makompyuta onse. Wayland ndi malamulo chabe, ndipo aliyense amawatsata m'njira yake: Mutter ya GNOME, KWin ya KDE, Sway, Hyprland, ndi ena. Chimene wina walola, wina wakana. Chitsanzo chodziwika ndi kamzere kapamwamba pa windo kokhala ndi batani lotsekera: KWin imakajambula ikapemphedwa, Mutter imati pulogalamu ijambule yokha, mpaka panachita kulembedwa laibulale yapadera, libdecor, yongotsekera mpata umenewu. Mu 2025 okonza KiCad, pulogalamu imene akatswiri amajambulira mabolodi a zamagetsi, analemba poyera mndandanda wa zimene zikuwavuta pa Wayland, monga kulephera kuika windo pamalo amene mwini wake analisiya ndi kusuntha kalozera wa mausi, ndipo analangiza anthu ogwira ntchito yeniyeni kuti akhalebe pa X11. Amenewa si anthu okonda zakale chabe. Ndi anthu amene amalandira madandaulo a zolakwika zimene iwo sangathe kuzikonza, chifukwa gwero lake lili mu compositor ya wina.

Ndipo njira yogwirizanirana malamulo atsopano, wayland-protocols, imayenda pang'onopang'ono moti munthu amagwa ulesi. Lamulo la kasamalidwe ka mitundu, limene ojambula zithunzi ndi okonza mafilimu ankalidikira, linakambidwa zaka pafupifupi zisanu lisanavomerezedwe mu 2025. Mu 2024 wina wogwira ntchito ndi Valve, kampani ya masewera a pa kompyuta, anafika poyambitsa frog-protocols pambali, chifukwa chotopa ndi kudikira. Kudekha pokonza lamulo loti lidzakhale zaka makumi angapo ndi nzeru, sindikana. Chimene sichikugwirizana ndi kudekha pomanga chatsopano uku mukufulumira pochotsa chakale. Sankhanipo chimodzi. Ngati malamulo afunika zaka zisanu, gawo la X11 lidikire zaka zisanuzo.

Tsopano ndifike pa funso limene ndikufuna yankho lake kuposa ena onse, ndipo likupita kwa inu a X.Org Foundation. Madesikitopu atiuza tsiku lawo. Nanga seva ya Xorg yeniyeniyo, ndani aziisamala, ndipo mpaka liti? Mtundu waukulu wa 21.1 unatuluka mu 2021, patapita zaka zitatu chitulukireni 1.20, ndipo unatuluka chifukwa Povilas Kanapickas anadzipereka kuugwira pamene panalibe wina wofuna. Chichokereni apo takhala tikulandira timitundu tating'ono totseka ziboo. Ntchito yambiri yoteroyo agwira ndi anthu olipidwa ndi Red Hat, monga Olivier Fourdan ndi Peter Hutterer, pamodzi ndi Alan Coopersmith wa ku Oracle. Chifukwa chake n'chosabisika: RHEL 9 ili ndi Xorg ndipo Red Hat inalonjeza makasitomala ake kuisamala mpaka 2032, monganso Canonical iyenera kusamala Ubuntu 24.04 mpaka 2029 ngakhale kupitirira kwa olipira. Ndiye kuti chitetezo cha aliyense amene ali pa Xfce ya Debian kapena pa Linux Mint chikudalira mapangano a malonda amene iye sali nawo mbali. Mapanganowo akadzatha, kapena kampani ikadzasamutsa anthu awiri atatu amenewa n'kuwapatsa ntchito ina, palibe chikalata chimene chikunena chimene chidzachitike.

Pamene eni ake akhala chete, ena amalankhula m'malo mwawo. Mu 2025 Enrico Weigelt anapatuka n'kuyambitsa XLibre, ndipo mkangano umene unatsatira unali wa ndale ndi kunyozana kuposa wa khodi. Sindikufuna kulowerera kuti wolakwa ndani. Ndingonena kuti anthu ambiri amene anathamangira kumeneko sanapite chifukwa cha ndale za munthu. Anapita chifukwa kunali kokhako kumene wina ananena mokweza kuti X ikhalapobe. Chaka chomwecho kunayambikanso Wayback, imene ikuyesa kuyendetsa desikitopu yonse ya X11 pamwamba pa Xwayland, kuti Openbox kapena IceWM zipitirire popanda seva yakale ija kukhudza zida za kompyuta. Kwa ine iyi ndiye njira yanzeru kuposa zonse zimene zaonekapo, chifukwa ikuchotsa gawo loopsa ndi lovuta kusamala n'kusiya gawo limene anthu akulifuna. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yofunika chotere inachita kuyambidwa ndi anthu apambali, pamene makampani amene anatsogolera kusamukaku ali ndi ndalama ndi akatswiri.

Mudzandiuza kuti mapulogalamuwa ndi aulere, palibe amene ali ndi ngongole kwa ine, ndipo wofuna X11 atenge khodi aisamale yekha. Kwa wodzipereka amene amalemba khodi usiku ana atagona, mawu amenewo ndi oona ndipo sindingamuumirize kanthu. Koma Red Hat ndi kampani imene IBM inaigula pa madola 34 biliyoni mu 2019. Canonical imagulitsa chithandizo kwa maboma ndi makampani. Inu mukasankha njira, dziko lonse la Linux limakhotera komweko, kaya lifune kaya lisafune, chifukwa GTK (chida chomangira mawindo a mapulogalamu), Mesa (madriver a zithunzi), Mutter ndi zina zambiri zili m'manja mwa anthu anu. GTK yalengeza kale kuti mbali yake ya X11 ndi yotha ntchito ndipo ikuyembekezeka kuchotsedwa mu GTK 5. Tsiku limenelo likadzafika, pulogalamu yatsopano ya GTK sidzatseguka konse pa Xorg, ngakhale seva itakhala kuti ikusamalidwa bwino chotani. Mphamvu yoteroyo imabwera ndi udindo wake.

Zopempha zanga si zambiri. A X.Org Foundation, lembani poyera, m'mawu oti mphunzitsi woyang'anira makompyuta a pasukulu amve, kuti seva ya Xorg idzalandira zotseka ziboo mpaka chaka chakuti, ndipo amene ali ndi udindowo ndi akutiakuti. Ngati yankho ndi lakuti palibe amene walonjeza, nenani zomwezo, tidziwe. A Red Hat ndi a Canonical, lonjezani za Xwayland momveka ngati mmene munalonjezera za kuchotsa Xorg, ndi zaka zake, chifukwa mapulogalamu ambiri a m'mafakitale, a m'zipatala ndi a kafukufuku amene eni ake anatseka kalekale sadzalembedwanso, ndipo masewera ambiri a pa Steam akudutsabe momwemo. Ikaniponso munthu wolipidwa pa ntchito ngati ya Wayback. Poyerekeza ndi zimene mwawononga kale pa Wayland, ndi ndalama yochepa.

Kwa a GNOME ndi a KDE, pempho langa ndi la olumala lija, ndipo ndilibwereza dala. Gwirizanani njira imodzi, yogwira ntchito pa compositor iliyonse, yoti pulogalamu yothandiza munthu wosaona kapena wosagwira manja ipemphe chilolezo kamodzi n'kupatsidwa zonse zimene ikufuna. Munachita zotere pa nkhani yojambula sikirini, pamene PipeWire ndi xdg-desktop-portal zinathetsa vuto limene linkalepheretsa anthu kuonetsa sikirini yawo pa misonkhano ya pa intaneti. Zinatheka chifukwa vutolo linkakhudza aliyense wa mu ofesi, inu nomwe. La Orca likukhudza anthu ochepa, ndiye lifunika wina wamkulu aliike pa mndandanda wa zinthu zimene mtundu watsopano sungatuluke zisanakonzedwe. Ndipo polemba mndandanda umenewo muwaitane eni ake, osaona ndi olumala manja amene amagwiritsa ntchito Linux tsiku ndi tsiku, muwalipire nthawi yawo monga mulipirira katswiri wina aliyense, ayese mtunduwo usanatuluke.

Ndidikira yankho lanu, makamaka la chaka chija, a X.Org.

Ine wanu,
Wogwiritsa ntchito Linux pa kompyuta yakale